Bwalo la Magalimoto Lomwe Linadya Munda

Munda wa akazi anga unagulitsidwa kuti magalimoto apeze poima. Ndiyambire pamenepo, chifukwa ena akamakamba nkhaniyi amayambira pa mvula, ngati kuti mvula ndi imene inalakwa.

Mwana wathu wamkazi, woyamba kubadwa, anamanga ndi amuna ake masitolo atatu ondondozana ku Sadzi, kumunsi kwa phiri. Anamanga zaka zisanu ndi chimodzi, chaka chino maziko, chaka chamawa makoma, mpaka anafolera. Atafolera kunabwera mkulu wina wogulitsa simenti, malata ndi misomali. Anati atenga masitolo onse atatu, koma pabwalo payalidwe kaye. Malole ake sangamaime m'matope. Anapereka nthawi: mvula isanagwe.

Ndalama zinali zitatha. Ndiye mwana wathu ndi amuna ake anatembenukira ku munda. Mundawo unali wa apongozi anga aakazi, malemu, ndipo iwonso anaulandira kwa mayi awo amene anauswa ndi manja atangofika kuchokera ku Mozambiki. Kuno munda umatsata akazi, choncho ine ndinalibe mawu. Akazi anga anakhala tsiku lathunthu osadya, kenako anavomera.

"Ndi wake yemweyo mawa," anatero. "Atenge lero."

Tsiku lolandira ndalama sanapiteko. Anatuma mchimwene wawo. Iwo anakhala pakhonde akusankha nyemba zomwe anali atasankha kale dzulo lake.

Ine ntchito ya misewu ndaigwira zaka makumi atatu ndi zinayi. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Ndinayamba ndi piki, ndinapuma ndili kapitawo. Ngalande zina za msewu wokwera kuphiri zili ndi manja anga, ndipo mpaka lero madzi akudutsa momwe ndinawauzira. Sindikudzitama. Pitani mukaone.

Mwana wanga anabwera kwathu ku Zakazaka Lolemba m'mawa.

"Ababa, akamwini anu akuti mukaone malo aja. Mutiuze kuti padya zingati."

"Iwo pakamwa pawo pali chilonda?"

"Ababa, inunso. Mukudziwa."

Ndinkadziwa. Akamwini anga ndi munthu wa mu ofesi, wovala tayi, woyendetsa galimoto yakeyake. Koma analeredwa kumudzi. Zaka makumi awiri ali m'banja lathu, anali asanakhalepo pampando ine ndili pomwepo. Akakumana ndi apongozi awo aakazi panjira amapatukira pambali. Ulemu umenewo ndinkaukonda. Ndinkauza anzanga kumpingo kuti akamwini otere anatha, ine ndinatola womaliza.

Ku Sadzi ndinapita masiku atatu. Tsiku loyamba sindinatulutse ngakhale tepi. Ndinangoyenda. Pamalo otsetsereka suyamba ndi kuyeza, umayamba ndi kufufuza kumene madzi amadutsa. Madzi amasiya mboni. Khoma la mpanda wa oyandikana nawo linali ndi mzere wofiira wofika m'bondo. Mizu ya mango inali pamtunda. Kumtunda kwa masitolo kunali kanjira kokumbika, kopanda mapazi a munthu, kodzaza timiyala tosalala. Ndinakatsata mpaka pokwera ndithu, kumene mitengo inatha ndi nkhwangwa. Madzi onse a mbali imeneyo amathera pabwalo la mwana wanga.

Tsiku lachiwiri ndinakumba maenje anayi. Dothi lakuda, lonona, lofika m'chigongono. Limenelo ndi dothi la chimanga, si la lole. Likanyowa limafewa ngati phala. Tsiku lachitatu ndinakhoma zikhomo, kukoka chingwe ndi kuyeza.

Ndinalemba papepala la m'kope, mzere ndi mzere. Kukumba ndi kutaya dothi lakuda lonse. Ngalande ya miyala ndi simenti kumtunda, yokhota kukatula madzi m'ngalande ya msewu. Kalavati polowera, kuti madzi adutse pansi, lole pamwamba. Dothi la timiyala, lothira pang'onopang'ono, kuwaza madzi ndi kutsendera, katatu. Miyala ya kwale. Mchenga. Mabuloko oyala okhuthala, osati aja a m'makhonde. Mpendero wa konkire m'mbali woti ugwire mabulokowo. Manambala sindilemba pano, kwacha ya chaka chimenecho si ya lero. Ndingonena kuti mabuloko, omwe anthu amawaona, sanafike ngakhale theka la mtengo wonse. Ndalama zambiri za bwalo zimakwiririka pansi. Amene akuuzani mtengo asanakumbe dzenje ngakhale limodzi ndi wakuba kapena chitsiru.

Ndalama za munda zinkakwanira zonsezi, ndendende. Chimene sichinkakwanira ndi mzere womaliza. Pamenepo ndinalemba kuti: Manja anga. Ndipo ndinaika mtengo wake wonse, osachotsera.

Apa ndifotokoze, chifukwa ndi pomwe anthu amandiweruzira. Ife a ntchito zamanja tili ndi kachitidwe kathu. Ngakhale ukugwirira m'bale wako, mtengo wa manja ako umalemba. Mwini ntchito amawerenga, amapuma mozama, amati mwakweza. Ndiye iwe umatulutsa cholembera n'kufufuta mzerewo iye akuona. Akatero amadziwa kukula kwa chimene wapatsidwa. Ntchito yongogwira osaitchula mtengo anthu amaiyesa yachabe, mawa amakutuma kukawatchetchera kapinga. Anandiphunzitsa choncho akuluakulu amene ndinawapeza pantchito, ndipo ndachitira choncho abale ambiri. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analephera kunena kuti mwakweza. Munthu wa ku Zomba sagula ngakhale tomato osanenerera.

Akamwini anabwera Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Ndinawatulutsira mpando. Anaukana monga mwa nthawi zonse, nanjuta kumapeto kwa khonde, buluku la suti likukhudza fumbi. Pepala analilandira ndi manja awiri. Bolopeni inali m'thumba langa la malaya, chotsekera chake nditachotsa kale.

Anawerenga nthawi yaitali. Ndinaona chala chawo chitaima pansi penipeni.

"Zili bwino, bambo."

"Mwawerenga zonse?"

"Zonse, bambo. Mwalongosola bwino kwambiri."

"Mzere wa pansiwo mwauona?"

"Ndauona, bambo. Palibe chovuta."

"Palibe?"

"Ngakhale pang'ono."

Anapinda pepala mosamala, naliika m'jekete, nawomba m'manja, n'kutsanzika. Akazi anga anali kuseri kwa chitseko, poti satuluka akamwini ali pakhonde. Galimoto itangonyamuka anatulukira.

"Bwanji simunafufute?"

"Sanandifunse."

"Akufunseni? Mkamwini anenerere mtengo kwa apongozi ake? Munaziona kuti? Inuyo bambo anga atakugulitsani njinga yopanda mabuleki ija, munati chiyani?"

"Imeneyo ndi nkhani ina."

"Munati zikomo kwambiri, n'kukagwa nayo pamtsetse."

"Anena kuti palibe chovuta. Munthu wamkulu akati palibe chovuta, ndiye kuti palibe chovuta."

"Atsatireni, mukawauze."

Sindinawatsatire. Ine ndithamangire mkamwini ndi mphatso m'manja ngati wogulitsa mandasi pa depoti? Ndinati abweranso tsiku loyamba ntchito, ndidzafufuta pamenepo.

Ndinanoletsa mapiki. Ndinauza anzanga awiri okalamba, amene tinkagwira limodzi kumisewu, kuti akhale okonzeka. Sabata inatha. Yachiwiri. Yachitatu. Mwana wanga anasiya kubwera, moni ankangotumiza pafoni kwa mayi ake. Dzuwa la Okutobala linali likuswa mtengo, nyengo yabwino yotsendera dothi ikupita pachabe. Anzanga aja anayamba kundifunsa ngati ntchito ija ndinailota.

Ndinamva kutchalitchi. Mkulu wa mpingo mnzanga anandigwira dzanja panja, anthu ali ponseponse.

"Achimwene, manja anu sakalamba! Ndadutsa ku Sadzi dzulo. Bwalo la akamwini anu likuchita kuwala ngati la ku hotela."

Ndinati zikomo. Ndikananena chiyani? Kunyumba sindinapite. Ndinakwera kabaza ndi jekete yanga ya mapemphero yomweyo.

Ndinawapeza ali pantchito, tsiku la Mulungu. Theka la bwalo linali litayalidwa kale, mabuloko ofiira ndi otuwa, ochita maluwamaluwa. Kukongola kunalipo, sindikana. Ndinapita kumene anali asanafike. Anangopala udzu, kuthira mchenga pamwamba pa dothi lakuda lija, kusalaza ndi thabwa, basi. Zikhomo zanga anazula n'kuziunjika pafupi ndi mafuwa ophikirapo antchito. Kumtunda kunalibe ngakhale kangalande kokumba ndi khasu.

Wa kontilakiti anali bambo wa zaka ngati makumi atatu, wovala chisoti choyera chapulasitiki ndi nsapato zosongoka zopanda fumbi. Anali atatsamira galimoto, mafoni awiri m'manja.

"Madala, musaponde pamenepo, tasalaza."

"Pansi pa mchengawu mwaikapo chiyani?"

"Mukufuna ganyu? Takwana."

"Ndafunsa kuti pansi pali chiyani."

"Pali dziko la Malawi, madala."

Antchito ake anaseka. Ndinatola chidutswa cha chitsulo chomwe chinali pansi, n'kuchibaya pamchenga ndi dzanja limodzi. Chinalowa ngati mpeni m'papaya.

"Lole ya simenti idzaima apa?"

"Mabulokowa ndi a makina, madala. Amagwirana okha. Izi ndi za masiku ano, si zija za nthawi ya atsamunda."

"Ngalande ili kuti?"

"Imeneyo ndi gawo lachiwiri."

"Mvula mwaiuza kuti idikire gawo lachiwiri?"

Apa mmodzi wa antchito anamunong'oneza kuti ndine ndani. Anasintha nkhope, foni imodzi n'kuiika m'thumba.

"Aa, pepani bambo, sindinadziwe. Ndinu amene munalemba pepala lija! Ndinaliona. Mumalemba bwino ndithu. Koma mitengo imene ija, bambo, ngakhale bwalo la ndege silingafike pamenepo."

Pepala langa. Akamwini analilandira kwa ine ndi manja awiri, n'kupita nalo kwa wa nsapato zosongoka kuti alitsitse. Ndakwiyapo pamoyo wanga, koma tsiku limenelo makutu anachita kulira. Munthu amene sanagwirepo piki awerenge masiku anga atatu n'kumasekerera! Ndinaponya chitsulo chija pansi n'kuchoka.

Kunyumba kwa mwana wanga ndinapita wapansi. Akamwini atandiona pageti analowa kuchipinda. Ulemu umenewo.

"Ababa, khalani pansi, mumwe madzi."

"Sindinabwerere madzi. Munthu uja aleke lero."

"Tamulipira kale, ababa. Anafuna zonse poyamba, kuti agule mabuloko mitengo isanakwere."

"Zonse?"

"Mtengo wake unali theka la wanu. Zotsalazo taikira magetsi ndi zitseko zachitsulo. Wa simenti uja anafunanso zimenezo."

"Ndiye simukanabwera kudzandiuza?"

"Akamwini anu akanakuuzani bwanji? Atachoka kwanu tsiku lija sanadye. Anati ndalama sizikwana, koma sangauze apongozi kuti manja awo akwera mtengo. Anati bola mudzakwiye pambuyo kusiyana n'kukunyozani pamaso."

Mukumva? Kundiuza kuti ndakweza, kumeneko n'kunyoza. Kundisiya ndikunola mapiki masabata atatu kuti ndikamvere kutchalitchi, umenewo ndiye ulemu.

Ndikanamuuza pomwepo za bolopeni ija. Sindinamuuze. Ndinangoti, "Kumbani ngalande kumtunda, ngakhale ya khasu. Mukapanda kutero munda wa amayi ako upita ndi madzi."

Anauza amuna ake. Amuna ake anafunsa wa chisoti choyera. Wa chisoti anati ngalande ionongetsa maonekedwe a malo, ndipo madala akungowawidwa mtima chifukwa ntchito yawadutsa. Nkhani inathera pomwepo. Ena amandifunsa kuti bwanji simunangotenga khasu n'kukakumba nokha. Pamalo pa mkamwini sulowa ndi khasu usanaitanidwe. Mwambo womwe unatseka pakamwa pawo ndi womwe unamanga manja anga.

Ndinatuma akazi anga kwa ankhoswe, amene amaimira banjalo. Ankhoswe anafunsa ngati m'nyumbamo mwamenyedwa munthu. Ayi. Ngati wina wagona kunja. Ayi. Anati iwo amaweruza za banja, za mchenga sazidziwa.

Wa simenti analowa mu Novembala. Mvula yoyamba inagwa, bwalo linangotsukika n'kuwala. Yachiwiri chimodzimodzi. Anthu amene anamva kuti ndinakalipa anayamba kundiyang'ana mwachisoni. Ngakhale akazi anga anati mwina za masiku ano n'zolimbadi. Ine ndinangodikira. Dothi louma limayamba lamwa kaye. Likakhuta ndi pomwe mumamva.

Linakhuta mu Januwale. Kunagwa mvula ya masiku anayi, ija yosalekeza, phiri osaoneka. Tsiku lachisanu masana kunabwera yamphamvu. Ine sindinalipo, sindinena bodza kuti ndinaona. Ndinafika itangokata, mwana wanga ataimbira foni mayi ake akulira.

Madzi anatsika ndi kanjira kaja n'kulowa pansi pa mabuloko kumtunda. Mchenga unatulukira kumunsi, unadzaza mumsewu. Pamwamba bwalo linkaonekabe bwino, pansi pali mphako. Lole yodzaza simenti itakhota kuti ilowe, mateyala a kumbuyo anamira mpaka pachitsulo. Mabuloko anaimirira mbali zonse ngati mano a nkhalamba. Lole inapendekeka, matumba ena anagwera m'madzi. Ndipo madziwo, atasowa kopita, anaima pakhoma la masitolo, pamaziko penipeni.

Wa simenti anali ataima pakhomo, manja ali m'chiuno. Sanakalipe. Anauza mwana wanga kuti mwezi wamawa ukatha lole yake isanapeze poima, achoka, ndipo matumba onyowawo awachotsera pa lendi. Wa chisoti choyera mafoni ake onse awiri anali ozimitsa. Mpaka lero kwa ife ndi ozimitsa.

Anthu anadzaza kudzaonerera. Ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akuti, "Si paja amati anayala ndi apongozi awo, akapitawo aja?" Ndinatembenuka n'kulankhula mokweza kuti ndi a kutsidya kwa msewu omwe amve.

"Mayi, ine ndikayala, lole imatha ndi dzimbiri bwalo likadalipo. Apa sindinagwirepo ngakhale fosholo."

M'mawa mwake mwana wanga anabwera. Mayi ake, atatopa n'kusunga, anali atamuuza za mzere uja. Sanakhale pansi.

"Ababa, n'zoona? Munkafuna kufufuta?"

"N'zoona."

"Ndiye bwanji simunanene? Liwu limodzi! Munda wa agogo wapita chifukwa inu mukudikira kupemphedwa, awo akuopa kupempha. Amuna awiri akuluakulu!"

Anali asanandilankhulepo choncho chibadwire. Ndinamusiya amalize. Mbali ina ankanena zoona, ndipo ndalemba pano kuti asadzati ndinabisa. Koma ine sindinayale mchenga pa dothi lakuda. Sindinapereke ndalama zonse kwa munthu wa nsapato zopanda fumbi. Sindinaonetse pepala la apongozi kwa mlendo.

"Ukawauze amuna ako abwere okha," ndinatero. "Asatume iwe. Ndipo akabwera akhale pampando."

Anabwera masana omwewo. Anayang'ana mpando ngati uli ndi minga. Ndinadikira. Anakhala, kumapeto kwenikweni.

"Akamwini, ndalama zatsala zingati? Musandiuze kuti zili bwino."

Anayang'ana pansi. "Palibe, bambo."

"Chimene mungagulitse?"

"Galimoto."

"Gulitsani."

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso. Kenako anati, "Chabwino, bambo."

"Chabwino chenicheni, kapena chija?"

"Chenicheni."

"Ndipo mudzagwira fosholo. Yolipira aganyu palibe."

Galimoto inali yakale, sinabweretse zambiri. Zinakwana ngalande, kalavati ndi kanjira kamodzi ka lole, kuchokera pamsewu kufika pa sitolo yoyamba. Gawo limodzi mwa magawo atatu a bwalo. Kukonza kumadula kuposa kuyamba. Umavutika kuchotsa zoipazo usanaike zabwino, simenti ndi kwale zinali zitakwera, ndipo tinkagwira m'dzinja, nyengo imene munthu wanzeru satsendera dothi. Mabuloko amaluwa aja anali opyapyala, a m'makhonde omwe ndinakana aja. Ambiri anasweka. Amoyo tinawaunjika kuseri, n'kugula okhuthala okwanira kanjira kokha.

Tinayamba ndi ngalande, chifukwa maziko anali akumwa madzi. Tinali anayi: ine, anzanga awiri okalamba aja, ndi akamwini, amene anatenga tchuthi ku ofesi. Mmodzi wa anzangawo ndi Mlomwe wa pakamwa posatseka. Tsiku loyamba anaona akamwini akugwetsa piki mofatsa ngati akuopa kuti dothi limva kuwawa.

"Bwana, pikiyo si apongozi anu. Imenyetseni, siikwiya."

Akamwini anaseka. Ine sindinaseke. Pofika Lachitatu manja awo anali matuza okhaokha. Anawamanga ndi nsanza n'kupitiriza, osadandaula. Pamenepo ndiwayamikire.

Dothi lakuda tinalichotsa ndi wilibala. Mvula ikabwera tinkaphimba ndi mapulasitiki akuda n'kuusa pakhonde. Ikakata tinkadikira kuti paume, masiku akutha. Makina otsendera tinabwereka masiku awiri okha. Kwina konse tinatsendera ndi chipika cha bulugamu chokhomera zogwirira, kukweza, kugwetsa, kukweza, kugwetsa, kuyambira m'mawa. Msana wanga sunabwererenso mwakale. Ndinali nditapitirira zaka makumi asanu ndi awiri. Munthu wa msinkhu umenewo amayenera kuloza ndi ndodo, osati kugwada m'matope kukonza zimene wina anadyera ndalama.

Pa kalavati ndi pomwe tinasemphana. Ine ndinkafuna wamkulu, woti munthu n'kukwawamo. Ndinauza akamwini kuti akagule ameneyo. Anaima, fosholo ili m'manja.

"Ayi, bambo. Ndalama sizikwana. Tikagula wamkulu, simenti ya mpendero isowa."

Mlomwe uja anagwetsa piki. "Ee, abale! Amalankhula!"

Ndinawerengera ndekha. Ankanena zoona. Tinaika wapakati, ndipo mvula ikagwa yamphamvu ndimapita kukachotsa zinyalala pakamwa pake.

Tinamaliza kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe. Wa simenti anaitanitsa lole yodzaza. Ndinauza dalaivala kuti alowe chobwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono, aime, atuluke, alowenso, katatu. Ndinanjuta pambali pa teyala, dzanja lili pa buloko. Buloko likamayenda umamva m'dzanja usanaone ndi maso. Silinayende.

Wa simenti anagwedeza mutu. Anati akhala, koma m'sitolo imodzi yokha, imene lole ikufika. Makiyi a awiri enawo anabweza. Palibe amene akanamutsutsa. Anapempha bwalo lonse, tinamupatsa kanjira. Mwana wanga analandira makiyiwo.

Padutsa madzinja awiri. Ngalande ikugwira. Kanjira ka lole kali momwe tinakasiyira. Masitolo awiri aja, mu imodzi muli wometa tsitsi amene amalipira akafuna, inayo ndi yotseka. Kutsogolo kwake ndi matope. Mabuloko amaluwa aja akuchepa kuseri, anthu akutola awiriawiri kukakhazikira mbaula. Akamwini amapita kuntchito pa minibasi. Wa chisoti choyera ndamva kuti akuyala bwalo lina chakumtunda, mbali ya ku Mulunguzi, ndipo anthu akuti likukongola.

Munda uja wogula anaudula mapoloti. Akazi anga tsopano amabwereka kandime kwa mnzawo wa kutchalitchi. Chimanga chake sichifika Okutobala, timagula. Ku Sadzi sanapondeko. Ndawauza kangapo kuti akaone ngakhale ngalande yokha, ndi ntchito yabwino, miyala yake ndinasankha ndekha. Amati adzapita miyendo ikadzapola. Miyendo yawo ilibe vuto. Kumsika amapita wapansi.